Valdur ndi Mitambo ya Leida

Valdur Kõmmus ndi makaniko wa mainjini a maboti pachilumba chathu cha Hiiumaa. Tinakulira limodzi. Ndi munthu wogona msanga, ndipo kumwamba ankayang'anako pofuna kudziwa za mphepo basi.

Wokonda kumwamba anali mkazi wake, Leida, amene ankagawa makalata pa njinga. Mu Juni ndi Julayi, pamene dzuwa limangobisala pang'ono kuseri kwa nyanja, Leida ankanyamula kamera ndi choimikapo chake cha miyendo itatu n'kupita kunsonga ya kumpoto kukadikira mitambo yowala usiku. Mitambo imeneyi ili pamwamba kwambiri kuposa ya mvula, ndiye dzuwa limaiwombabe ife tili mumdima. Imabwera masabata ochepa pachaka, ndipo siuza munthu tsiku.

"Mkazi wanga anakwatiwa ndi mitambo," ankatero Valdur. "Ine ndimangogula chakudya."

Kenako maso a Leida anayamba kufa. Anasiya njinga, anasiya kamera. Thambo sankalionanso, ngakhale nkhope ya mwamuna wake. Chimene ankaonabe ndi chithunzi chowala pagalasi la kompyuta, akaliyandikiza pamphuno. Dokotala sanabise: pofika nyengo yachisanu, ngakhale zimenezo zidzatha.

"Zithunzi zanu n'zodzaza kabati," anatero Valdur.

"Zimenezo ndimazidziwa ngati mano anga. Ndikufuna ya chaka chino. Tengani kamera, bambo."

Anatenga. Ulendo woyamba anabwera akunyada. Leida anayang'ana n'kukankha kompyuta.

"Iyi ndi ya mvula. Mitambo wamba imada usiku. Yanga imawala, ndipo nyenyezi zimaonekera mkati mwake."

Ulendo wachiwiri mitambo inali yeniyeni, koma Valdur anadina kamera ngati akumanga bawuti, ndipo chithunzi chinatuluka phala lokhalokha. Kamera imafuna kukhala chete kwa kamphindi kuti imwe kuwala. Zitatero kunagwa mvula, thambo linatsekeka masabata. Valdur ankapitabe kunsonga, n'kumakhala m'galimoto mvula ikumenya galasi. Anaonda. Masana ankagona pa injini za anthu. M'mawa uliwonse ankafunsa Leida ngati akuona chala chake, ndipo chala chinkayandikirayandikira.

Thambo linayera pa tsiku la Jaani, chikondwerero chathu cha kumapeto kwa Juni. Usiku umenewo mudzi wonse umasonkhana kunsonga ija, timayatsa moto waukulu ndi kuotcha boti lakale. Timachita zimenezi chaka chilichonse. Masana Valdur anapita kwa Meelis, amene amayang'anira motowo, ine ndili pomwepo.

"Chaka chino tiyatsire kudambo la kummwera," anatero Valdur.

"Wapenga? Boti talikokera kale kuno. Ulinyamula pamutu?"

"Ndiye dikirani mitambo idutse."

"Tiuze ana kuti moto wa Jaani ukudikira mitambo ya Valdur? Nanga ikapanda kubwera? Imwa mowa, mdala, ukhale pansi."

Meelis si munthu woipa. Kungoti kuno aliyense anakula akumva kuti mudzi wosayatsa moto wa Jaani, moto umakayaka padenga pawo. Sitikhulupirira kwenikweni, koma palibe amene amafuna kuyesa.

Anayatsa. Boti lakale limakhala ndi phula la zaka zambiri, ndipo utsi wake ndi wakuda bii. Kamphepo kochokera kunyanja kankaukankhira pagombe ponse. Pakati pa usiku, m'mipata ya utsi, ndinaona kumpoto kukuwala mobiriwira ngati siliva, mizeremizere ngati mchenga umene mafunde aupesa. Sindinaonepo mitambo yotere. Anthu ankaimba, akuotcha soseji, misana atalozetsa kunyanja.

Valdur anathamanga uku ndi uku ndi kamera. Kulikonse utsi. Anafika pa ine akutsokomola, misozi ya utsi ili mbwee.

"Ülo, kulibe utsi n'kuti?"

"Kuseri kwa moto."

"Kuseri kwa moto kuli madzi."

"Ndiye ndanenatu."

Anavula nsapato zokha. Analowa m'nyanja ndi buluku lake la tchuthi, kamera ili pamwamba pa mutu. Ndinamutsatira, chifukwa munthu wa zaka zathu akaterereka pamiyala imeneyo sadzuka. Madzi a mu Juni amaluma mafupa. Atafika m'chiuno, utsi unatsala kumbuyo.

"Akuluakulu mukusamba?" anakuwa wina pagombe. "Sopo mwatenga?"

Tinazika miyendo itatu ija pakati pa miyala. Mafunde ankaigwedeza, ndiye ndinagwada, madzi m'khosi, n'kuikumbatira. Zala za Valdur zinali zitauma ndi kuzizira moti sankatha kudina bwino.

"Pang'onopang'ono, iwe! Si bawuti."

"Khala chete, ukugwedeza!"

Anajambula mpaka mitambo inazimiririka m'kuwala kwa m'bandakucha. Zambiri zinali phala. Chimodzi chinatuluka bwino.

Tinamupeza Leida ali maso kukhitchini. Valdur anaika chithunzicho pa kompyuta, madzi akuchucha pansi. Leida anayandikiza nkhope mpaka mphuno inakhudza galasi. Anasuntha mutu uku, anasuntha uko. Zinatenga nthawi.

"Ndi yomweyo," anatero. "Kuwala ndikukuona. Mizere sindikuiona."

Valdur anakhala pampando.

"Ilipo mizere?" anafunsa Leida.

"Ilipo."

"Yotani? Nenanitu."

"Ngati malata a padenga la shedi. Kumanzereku yapindika ngati waya wa sipuling'i."

"Malata," anatero Leida. "Zaka zonsezi, munthu uyu akuona malata. Pitirizani. Nanga pamwamba?"

Ndinawasiya, ndinali nditazizidwa.

Leida anasiya kuona chisanu chisanafike n'komwe. Valdur anagona m'chipatala ndi chibayo, anachira. Kamera anapatsa mdzukulu. Koma Juni akafika Valdur amamutenga Leida pa galimoto kupita kunsonga, amakhala pabenchi, iye n'kumanena zimene akuona. Amanenabe za malata ndi mawaya, ndipo Leida amamukalipira.