Filimu Imene Ndinaionera Pakhomo

Zimene ndikuuzeni pano si zoti ndinamva kwa munthu pampopi kapena m'minibasi ayi, zinandichitikira ine mwiniwakene, ndipo wofuna kunditsutsa anditsutse, koma Mulungu akudziwa kuti sindikukometsera ngakhale pang'ono. Mayina sinditchula, chifukwa ana anga tsopano ali ndi mabanja awo, ndipo zina mwa izi iwowo sazidziwa mpaka lero.

Zinali zaka zija kwacha itatha mphamvu, pamene tinkaima pamzere wa ufa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kutiwotcha pamutu, saladi wophikira ndi shuga zikubisidwa kuseri kwa kauntala ngati katundu wakuba. Tinkakhala m'komboni ya Chawama m'zipinda ziwiri za lendi, ine, amuna anga ndi ana athu awiri. Amuna anga ankagwira ntchito pafakitale ina ku Indasitiriyo, kuyendetsa makina odinda sopo, ndipo anali atakhalapo zaka zambiri moti fungo la sopoyo linawalowa m'khungu, mukanawadziwa ngakhale mutatsinzina. Ine ndinkakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pakhomo pa vidiyo ina kuseri kwa msika. Inu a masiku ano mwina simungadziwe: vidiyo inali kachisakasa ka malata ndi masaka, mkati muli mabenchi ndi TV imodzi pashelefu, pakhomo pakulendewera bulangeti lakuda. Malo anga anali pambali pa bulangetilo, ndipo popeza silinkatseka khomo lonse, mafilimu ndinkaonera ulere kudzera pampata wa zala zinayi.

Anthu a kwathu ankafuna zomenyana, karati, mfuti, magalimoto kugubuduzika. Ndiye tsiku lina mwini vidiyo anabwera ndi tepi yochokera kwa anzake a ku Kamwala, pachikuto pali munthu wouluka mwendo uli m'mwamba, koma ataiika mkati munali zina. Munalibe nkhonya ngakhale imodzi. Munali mayi wina wachizungu ndi mwamuna wake m'chinyumba chachikulu chapachokha, basi. Anthu anatukwana n'kutuluka, koma mwiniyo analibe tepi ina, choncho anaionetsa milungu iwiri yathunthu, masana aliwonse, kwa anthu ochepa amene ankangolowa pothawa dzuwa.

Ndinene chilungamo, poyamba nanenso ndinaiseka. Inali yochedwa kwabasi, mayiyo ankatha nthawi yokwanira kukazinga beseni lonse la zitumbuwa akungoyenda m'khonde n'kumagwira zitseko. Ndinkadzifunsa kuti kodi anthu amenewa alibe anansi, alibe apongozi, alibe ngakhale mzimayi wodzapempha mchere? Ku Chawama ukayetsemula amayankha wa nyumba yachitatu. Chizungu changa chinkathera pa moni, ndiye mawu awo sindinkawamva, ndinkangowerenga nkhope. Komatu mphamvu yake inali pomwepo. Munalibe chiwanda cha nyanga, munalibe magazi. Munali mwamuna wobwera kuntchito, n'kusamba m'manja nthawi yaitali, n'kukhala pampando kuyang'ana khoma, ndipo mkazi wake akamuyang'ana ankamwetulira pakamwa pokha, maso osasintha. Pansi pa zonsezo pankamveka kaphokoso kamodzi kokha, kangati waya wokokedwa. Filimu ya mizukwa umaisiya pabenchi potuluka, chifukwa mzukwa sunauonepo kwanu. Koma mwamuna wokhala chete pampando, ndani alibe?

Choipitsitsa n'chakuti mathero ake sindinawaone. Tepiyo inali yotha, ndipo ikafika pamene mwamuna uja akukwera masitepe dzanja limodzi lili kumbuyo, chithunzi chinkasanduka mizeremizere n'kuthera pomwepo. Mwiniyo ankamenya deki, makina oikamo tepi aja, kuuzira tepi, osatheka. Masana aliwonse ndinkamuona munthu uja akukwera masitepe, ndipo chimene chinali m'dzanja lake ndinkachimalizitsa ndekha m'mutu pobwerera kunyumba.

M'masiku omwewo ndi pamene ndinazindikira kuti amuna anga sakununkhiranso sopo. Ankadzuka nthawi yake, kuvala ovololo yawo yabuluu, kunyamula kachitini ka chakudya, n'kubwerera nthawi yake, koma ovololoyo inkabwera yoyera ngati yangochoka pachingwe, ndipo nsapato zinkakhala ndi fumbi loyera limene sindinkalidziwa. Loweruka lililonse ndinkachapa ovololo yosada, madzi n'kutsala oti mukanatsukira mbale. Munthu amene kale ankalowa m'nyumba akuimba nyimbo za kwathu ku Katete, tsopano ankafika, kupempha madzi, kusamba m'manja osamaliza, n'kukhala pampando kuyang'ana khoma. Tsiku lina ndinatembenuka kuchokera pambaula, maso athu anakumana, ndipo anamwetulira pakamwa pokha. Ndikukuuzani, m'khutu ndinamva kawaya kaja.

Mufunsa kuti bwanji sindinawafunse. Funso limenelo ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi. Masiku amenewo m'komboni nkhani zinali mbwee za amuna olowa m'zinthu zamdima pofuna chuma, oti awauza kupereka mwana kapena mkazi, ndipo kumapeto kwa mwezi amuna anga ankabweretsabe kanthu ka m'nyumba pamene anzawo ambiri ankabwera chimanjamanja. Mutu wanga unalumikiza zimenezi wokha. Mayi wa mufilimu sankafunsa, ankangoyang'anitsitsa, ndipo nanenso ndinaphunzira kuyang'anitsitsa. Ine yemwe ndinkamuseka kuti alibe anansi, anansi ndinali nawo mbali zonse, khoma lathu linali lopyapyala moti supuni ya eni nyumba ikagwa tinkaimva, koma sindinauze munthu. Ukanayamba bwanji? Ukanene kuti amuna anga akusamba m'manja kwambiri?

Ndinabisa mipeni m'thumba la makala. Ndinasiya kudya nawo mbale imodzi, ndikunamizira m'mimba. Akandiyandikira chakumbuyo ndinkadzidzimuka, iwo n'kubwerera mwakachetechete, ndipo kukhala chete kumeneko kunkandiopsa kuposa akanandikalipira. Patapita miyezi ngati itatu ndinatumiza ana kwa akulu anga ku Matero, ndikunena kuti akacheze ndi asuweni awo. Iwo sanatsutse, anangoti chabwino n'kuyang'ana pansi. Ine mumtima ndinati mwaona, sakufunsa n'komwe kuti abwera liti.

Lachitatu lina m'mawa, atangonyamuka, ndinamanga zovala zanga m'chitenje, ndinatseka nyumba, cholinga n'kukakwera minibasi pamsewu wa Kafue osabweranso. Koma mafuta a galimoto anali atasowa mlungu umenewo, minibasi panalibe, anthu onse ankangoyenda wapansi kulowera m'tauni, nanenso ndinalowa m'chigulucho. Ndiye patsogolo panga ndinaona ovololo yabuluu ija. Ndinachepetsa liwiro. Titayandikira komboni ya Misisi, m'malo mopitirira kulowera ku Indasitiriyo, iwo anakhotera kumanja, m'tinjira ta pakati pa nyumba. Mtima wina unati pitiriza ulendo wako, koma wina unati lero ndione kumene amachitira zinthu zawozo, kuti pokafotokoza kwa achibale ndikhale ndi chonena. Ndinawatsatira, mtolo uli pamutu.

Amene mumadziwa Misisi mukudziwa maenje aja amene anatsala pokumba miyala, odzaza madzi obiriwira osaoneka pansi. M'mphepete mwake munali amayi ophwanya miyala, tsitsi ndi nsidze zili mbuu, ndipo nditangoona fumbilo ndinadziwa kumene nsapato zija zinkalitenga. Amuna anga anandisowa pakati pa milu ya miyala, ndiye ndinafunsa mayi mmodzi ngati waona bambo wa ovololo yabuluu. Anaseka, nati amenewo ndi bafolomani, ndiye kuti akapitao, dzina limene amayiwo anawapatsa chifukwa amafika tsiku lililonse nthawi ya ntchito, kukhala pamwala mpaka nthawi yoweruka, osalankhula ndi munthu, masana n'kutsegula kachitini kawo bwinobwino. Kenako anasiya kuseka, nati koma lero sanakhale pamwala wawo, apita tsidya lija kozama, kumene ngakhale osambira odziwa safikako.

Ndinawapeza ataima pamphepete penipeni, zala za kumapazi zitatulukira kale pamwala. Nsapato anali atavula n'kuziika pambali mwaudongo, kachitini kali pamwamba pake kosatsegula. Koma chimene chinandiopsa ndi manja awo. Ankayenda okha m'mwamba, lamanja kukoka chinthu chosaoneka, lamanzere kukankha, kukoka, kukankha, mofanana ndendende, milomo ikuwerenga chamumtima. Kunja kunali kowala mbee, kumbuyo kwanga kunkamveka nyundo za amayi aja, anthu akupita ndi moyo wawo, ndipo ine sindinaonepo chinthu choopsa chonchija, mufilimu kapena kunja kwake. Panapita kanthawi ndisanazindikire kuti akuyendetsa makina a sopo.

Ndinawaitana monga ndinkawaitanira kunyumba, atate a ana. Manja anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono, anayang'ana ine, kenako mtolo, n'kumwetulira kumwetulira kuja. Mawu awo ndimawakumbukira mmene anawanenera, m'kalankhulidwe kathu ka m'tauni kamene kale timati kudala: "Mwamanga kudala katundu, bamake ana? Yendani chabe, sinizakuvutani futi."

Ndinakhala pansi pafumbipo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu ndinatsegula pakamwa n'kufunsa kuti kodi chavuta n'chiyani. Anandiyang'ana modabwa, nati si mukudziwa kale? Anandiuza kuti fakitale inachotsa anthu onse a chigawo chawo tsiku limodzi, kuti kanthu kamene ankabweretsa kanali ka zimene anawapatsa powatsanzika ndipo tsopano kanali katatha, kuti milungu yoyamba anayenda pageti lililonse ku Indasitiriyo mpaka alonda anayamba kuwaseka. Anati ankafuna kundiuza, koma tsiku lililonse ankati mawa, ndipo ataona kuti ndasiya kudya nawo, ndikuthawa akandiyandikira, anatsimikiza kuti wina wandiuza ndipo ndayamba kunyansidwa nawo. Mipeni anaipeza m'makala, n'kuganiza kuti ndikuopa kuti angadzivulaze, ndipo anati ganizo limenelo analibe kufikira tsiku limenelo. Ana atapita, anati basi, chatsala n'chakuti iwo atipatse mpata.

Sindikudziwa kuti ndinakwawa bwanji, ndinangozindikira kuti ndagwira mwendo wa ovololo ndi manja onse awiri, ndikulira mokweza osasamala za anthu, ndikuwauza zonse, za vidiyo, za masitepe, za zimene ndinkaganiza kuti akufuna kuwachita ana athu. Atamva zimenezo anakhala pansi, ndipo kulira kumene analira sindikufuna kukufotokoza pano. Mayi wophwanya miyala uja ndi mnzake anabwera, anangoima pakati pa ife ndi madziwo mpaka titadzuka. Tinabwerera ku Chawama wapansi. Zoti ndingawanyoze chifukwa cha umphawi anali atazilandira kale mumtima mwawo, koma zoti ndinawayesa munthu wopha ana ake, zimenezo zinawatengera zaka kuti andikhululukire, ndipo sindiwaimba mlandu.

Patapita nthawi mwini vidiyo anandiuza mathero a filimu ija, atawamva kwa anzake a ku Kamwala. Akuti m'dzanja la mwamunayo munali botolo la mankhwala a mkazi wake, akuti wosokonezeka mutu anali mayiyo, ndipo kumapeto kunabwera dokotala wa magalasi n'kufotokoza zonse mwachidule, mayiyo n'kumutengera kuchipatala. Pamenepo ndi pamene ndimatsutsana nawo amene anaipanga. Luso anali nalo, sindikana, chifukwa anandilowetsa m'mutu mwa mayi uja mpaka mantha ake anasanduka anga, ine wosamva ngakhale liwu limodzi la zimene ankalankhula. Koma pomaliza anadutsa njira yachidule, yoti mmodzi ndi wamisala, winayo ndi mngelo, nkhani yatha. Kodi m'nyumba za anthu zimatha choncho? Ine sindinali wamisala. Zonse zimene ndinaona zinali zoona, chinthu chinalidi chitalakwika m'nyumba mwathu, kungoti ndinachiwerenga mozondoka, nawonso anandiwerenga mozondoka, anthu awiri a mutu wabwinobwino ogona m'chipinda chimodzi. Zimenezo n'zimene zimandiopsa mpaka lero, ndipo filimu ija sinalimbe mtima kufika pamenepo.

Amuna anga sanapezenso ntchito ya pafakitale. Tinayamba kukazinga limodzi, iwo kukanda ufa, ine pamoto, kenako tinamanga kantemba kathu kogulitsiramo, ndipo anakhala mpaka kunyamula adzukulu asanatisiye ndi matenda a shuga. Amayi a kutchalitchi nditawaululira anati tepi ija inali ndi chiwanda, koma ine sindikhulupirira zimenezo. Mantha anali kale m'komboni monse pamodzi ndi njala, filimu inangondiphunzitsa kumene ndingawaloze, ndipo amene anali pafupi anali amuna anga.

Tsono inu amene muli ndi munthu m'nyumba amene wayamba kukhala chete, makamaka nthawi zino zinthu zavutanso, musayambe ndi kutola zizindikiro. Mufunseni lero, pakamwa, ngakhale akalipe, ngakhale aname, mawa mumufunsenso. Ine sindinawapulumutse ndi nzeru zanga ayi. Ikanangobwera minibasi imodzi m'mawa uja, ndikanafika ku Matero ndikudzitama kuti ndapulumutsa ana, ndipo nsapato za atate awo akanandibweretsera ndi amayi ophwanya miyala.