Chipeso Chagonjetsanso Dziko

Aphunzitsi a Mbewe, lero chipeso changa chanyamula kathonje patebulo, ndipo ndaseka ndekha pokukumbukirani. Tsiku lija kusukulu ku Zemba ndinalimbikira kuti mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi imaposa zonse, poti inali itandigwetsa mumtengo wa mango. Munatulutsa chipeso, koma poti munali ndi dazi, munapesa tsitsi langa mwamphamvu, kalasi yonse ikufa nalo phwete. Mutachiyandikitsa pa kathonje, kanadumpha n'kumatirira. Munati, "Waona? Dziko lonse likukokera kathonjeka pansi, koma timagetsi ta m'chipeso tapambana. M'kati mwa atomu, kanthu kochepetsetsa kopanga zinthu zonse, muli mphamvu yoposanso iyi."

Nthaka inakutengani chaka chatha, Aphunzitsi, koma kachipeso kakubwezani m'nyumba mwanga lero. Dziko laluzanso!