Mpira wa Dzira wa Abambo Anga

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, kwathu ku Bembeke, chaka chimene ndinapha mpira wa abambo anga.

Abambo ankaphikira a Jimu, mphunzitsi wochokera ku Amereka. Pobwerera kwawo, a Jimu anawasiyira mpira wachikopa wosongoka uku ndi uku ngati dzira, komanso matenda okonda timu ya mumzinda wakwawo. Matenda ndithu! Abambo anali asanaionepo timuyo ikusewera, ngakhale malamulo a masewerowo sankawadziwa. Koma kalata ya a Jimu ikafika, itatsegulidwa kale m'njira monga zinkakhalira masiku amenewo, ankatsitsa mpirawo pa kabati n'kuufungatira, ine ndikuwamasulira tizidutswa ta nyuzipepala timene tinali m'katimo. Zinkakhala nkhani za miyezi iwiri yapitayo, ndipo timuyo inkangogonja.

"Tagonjanso," ankatero abambo, chakudya osachikhudza.

"Inu ndi yani?" amayi ankawaseka. "Kodi akudziwa n'komwe kuti kuno kuli mlimi wa kachewere amene akuwalira?"

Ife ana tinkasewera mpira wansanza, ndiye chikopa chija chinkandisowetsa mtendere. Tsiku lina abambo ali kudimba ndinautenga. Tikaumenya unkadumphira cham'mbali ngati chule, ndipo anzanga anati ndi wopunduka. Ine ndi nzeru zanga ndinati tiuwongole. Tinauviika m'madzi otentha, tinaupsinja ndi miyala, koma ayi ndithu. Pomaliza ndinatenga mpeni kuti ndidule zingwe zake, poganiza kuti chubu cham'kati ndiye chozungulira. Mpeni unapitirira. Fwiii! Anzanga onse anabalalika.

Abambo atabwera anautola, nautembenuza kawiri. Sanandimenye, koma bola akanangondimenya. Anakhala pakhonde m'chisanu cha ku Bembeke, naudzaza makoko a chimanga, n'kuusoka ndi singano ya matumba. Ndinkamva ulusi ukulira pachikopa, manyazi atandigwira.

Lamlungu titachoka ku Misa anandipatsa pepala loyankhira a Jimu.

"Lemba m'Chingerezi chakocho," anatero. "Tamva za kugonja, tisataye mtima. Mpira uli bwino. Mwana wanga ndiye akuusamala."

"Abambo, komatu ine..."

"Lemba."

Ndinalemba, msozi n'kudontha pa mawu omalizawo.

Kwa zaka zambiri ndinkayesa kuti chimenecho chinali chilango chabe. Lero ndikuona kuti abambo anandichitira zimene ankaichitira timu yawo ija. Munthu wawo akagonja sankamutaya, ankangomuyembekeza kuti adzachita bwino ulendo wina.

A Jimu anasiya kulemba patapita zaka zitatu, ndipo abambo anatisiya kalekale. Mpirawo uli pa kabati panga, ukaugwedeza makoko amalira m'kati. Mwezi uliwonse ndimaupaka mafuta, kuti kalata ija isakhale yabodza.