Mwezi Umene Agogo Anazula Mafyuzi

Ndikamva fungo la pulasitiki wopsa, mtima umathamangira ku Kawale, pakhomo pa agogo anga a Nangondo, amene anandilera. Nyumba yawo inali yakalekale, ya mawaya akuda oyenda poyera m'makoma, ndipo kuseri kunali zipinda zitatu za alendi olipira lendi, zonse zikukoka magetsi pa kabokosi kamodzi ka mafyuzi kamene kanali pamwamba pa chitseko chathu. Mayi Phiri, mmodzi wa alendiwo, akangolumikiza simbi firiji yawo ya mafirizesi ikulira, kabokosiko kankayamba kununkha, kenaka phu! Amuna a pakhomopo ankangokwera pampando n'kumangapo kawaya kokhuthala, basi nkhani yatha.

Tsiku lina masana, mvula itangokata, Tadala, mwana wa Mayi Phiri wazaka zinayi, anagwira chitseko chawo chachitsulo mapazi ali m'madzi, magetsi n'kumugwira. Sanalire. Anangouma pomwepo, maso ali tong'o. Agogo ananyamula kampando kathabwa kamene anakhalira n'kumukankha nako, mwana n'kugwera m'matope. M'pamene anayamba kulira.

Agogo analowa m'nyumba, nakwera okha pampando, nazula mafyuzi onse n'kuwamanga pansonga ya chitenje.

"Magetsi atha pano mpaka mawaya onse atasinthidwa," anatero.

"Agogo, vuto ndi waya mmodzi yekha, tingomatapo tepi," anadandaula Bambo Kachingwe, mlendi wa chipinda chapakati. Ngakhale Mayi Phiri, mwana ali kumsana, anafunsa chapansipansi za mafirizesi awo, poti ndiwo ankawadyetsa.

"Amayi, mafirizesi mudzapanga ena," anayankha agogo. "Nanga Tadala mudzapanga wina?"

M'mawa mwake anapita okha kukapempha malo mufiriji ya anzawo a kutchalitchi, kuti geni ya Mayi Phiri isafe. Kenaka anaitana munthu wamagetsi. Bamboyo atakwera kudenga anatsika ndi mawaya odyedwa ndi makoswe, ena akungofumbutuka m'manja. Sabata yomweyo makina osokera a agogo, amene malemu amuna awo anawagulira, anatuluka pakhomo pa wilibala, m'malo mwake munalowa mapaipi, mawaya atsopano ndi bokosi loyera la mabureka ozimitsira magetsi. Koma katunduyo sanakwane nyumba yonse.

"Yambani kwa alendi," agogo anauza wamagetsi uja.

Ine nthawiyo ndinkakonzekera mayeso a Sitandade 8. Kuseri mababu anayaka, wailesi zikuimba, ife tikadali pa koloboyi, mphuno zanga zikuda ndi mwaye. Ndinafunsa mokwiya chifukwa chake eni nyumba tikhale omalizira.

"Anthu aja anabwera ndi ana awo atandikhulupirira ine," anatero agogo uku akutsuka galasi la nyali imene anandibwerekera. "Iwe ndiwe wanga, ukhoza kupirira nane."

Kwathu magetsi anayaka mwezi utatha. Agogo anasonkhanitsa akuluakulu onse pansi pa bokosi latsopanolo, aliyense n'kuyeserera kuzimitsa ndi dzanja lake, ngakhale Bambo Kachingwe amene ankati amadziwa kale.

Makina osokera aja sanagulenso. Mpaka imfa yawo ankasoka pamanja, magalasi ali pamphuno, ndipo sindinawamvepo akuwatchula. Lero nanenso ndili ndi alendi anga ku Area 25. Wina akagogoda kuti soketi ikutentha, sindimuuza kuti tiona mawa. Ndimavala patapata n'kumutsatira.