Zala za Alojz Woomba Mabelu

Alojz Kravanja anakulira pansanja ya tchalitchi cha m'mudzi mwawo ku Slovenia. Kumeneko pa tsiku lalikulu mabelu sawakoka ndi chingwe. Amuna atatu amakwera, kugwira malilime a mabelu ndi manja, n'kumaomba molandizana. Alojz anaomba zaka makumi anayi, mpaka zala zake zinaiwala kukhala phee, ngakhale podya.

Kenaka mtima unafooka. Masitepe khumi okha, wefuwefu. Pasaka ziwiri anamvera mabelu ali pansi, akukukuta mano anzake akaphonya.

Mu Januwale, Dokotala Vidmar, mayi wosazungulira polankhula, anamuuza kuti mbali ziwiri za mtima wake sizikugundira pamodzi. Kamakina koika pachifuwa kangazigwirizanitse, koma waya wake ukagwera pachipsera chakale, pamnofu wakufa, n'kutaya nthawi chabe. Panafunika chithunzi choonetsa pomwe mnofu udakali wamoyo.

Anamulowetsa m'makina ojambula m'kati mwa thupi, onga chimpaipi. Makinawo atangoyamba kugogoda, mkulu uja anamva nyimbo. Zala zinayamba, mapewa n'kutsatira. Zithunzi zonse zinatuluka mbuu.

"Bambo Kravanja, mumavina m'katimo?" anafunsa dokotala. "Tiyesanso kamodzi. Zikakanika, mpata wina ndi mu Juni."

Pasaka inali mu Epulo. Alojz anachita mantha enieni.

"Makina anuwa akumaphonya kugogoda kwachinayi," anadandaula. "Ine ndimangowathandiza."

Mkazi wake Zofka, yemwe anakhala pakona atafungatira jekete lake, anaseka.

"Nkhalamba inu, mwauponda. Pansanja paja belu lalikulu likamalira lokha, mumatani?"

"Ndimawerenga chamumtima, kudikira nthawi yanga."

"Ndiye kawerengeni. Nthawi yanu sinakwane."

Anagonanso. Anawerenga mphindi makumi anayi, thukuta kamukamu, chala osasuntha n'chimodzi chomwe. Dokotala anatuluka nkhope ili ngwee, n'kumukokera pa kompyuta.

"Onani! Choyerachi ndi chipsera. Apa pambalipa ndi pamoyo. Waya tiika pomwepa."

Alojz sanaonepo kanthu koma mitambo, komabe anamugwira dzanja dokotalayo osafuna kulisiya.

Kamakina kaja anamuikadi. M'mawa wa Pasaka anakwera masitepe onse makumi asanu ndi anayi, kupuma kawiri kokha. Zofka anatsala pabwalo ndi amayi anzake, mtima uli m'mwamba. Belu lalikulu linalira, lachiwiri n'kuyankha. Kenaka laling'ono linalowerera, lothamanga, lamwano.

Zofka anagwira mkono wa mnzake, misozi ili chuchuchu.

"Ndi iwowo," anatero. "Palibenso wina angapupulume choncho."