Lolemba Loyamba la Ogasiti

Kalendala ija inachokera ku sitolo ya nyama ya pakona pa msewu wathu ku Highfields, imene ankapatsa makasitomala chaka chikamatha. Amayi anaikhomera pachitseko cha kabati ya mbale, ndipo pambali pake panalendewera bolopeni yofiira yomangidwa ndi ulusi. Masiku a ntchito ankawadula ndi kamzere, opuma ankawazunguliza. Ozungulizidwa anali owerengeka. Ndinaipeza mwezi watha m'dirowa ya amayi, itapindidwa pa tsamba la Ogasiti. Ndinkafuna envelopu. Chimwalirire mkazi wanga ndimagona kwa amayi masiku ena, ndipo makalata ofunika kuyankha sanathebe.

Chaka cha kalendala imeneyo ndinali ndi zaka khumi. Amayi ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba kuno ku Leicester, maola khumi ndi awiri pa shifiti. Bambo anali ku Scotland, ku yunivesite, ndipo ankagwiranso ntchito kochapira nsalu za m'mahotela. Tinkaonana nawo kawiri kapena katatu pachaka. Chimene sanandiuze n'chakuti bambo ankadwala, ndipo chipatala cha kumeneko chinkawapatsa mankhwala amphamvu pa masabata oikika. Amayi ankadziwa. Ankafuna masiku atatu athunthu ndi mwamuna wawo, bambo akadali ndi mphamvu zokwera sitima.

Kuntchito kwa amayi buku lopemphera tchuthi linkatsegulidwa sabata yoyamba ya Januwale, ndipo wochedwa ankapeza kwatsala Novembala yekha. Amayi anadzuka m'mamawa pa tsiku lawo lopuma, kunja kuli chisanu choluma makutu, n'kukwera basi kuti akakhale oyamba kulemba. Anatenga Loweruka, Lamlungu ndi Lolemba la holide ya kumapeto kwa Ogasiti. Madzulo ake anauza bambo pafoni kuti atenga holide ya Ogasiti, nawonso akonzekere yomweyo. Bambo anavomera. Palibe anatchula deti. Sindiwaimba mlandu. Kwathu ku Malawi tsiku la tchuthi la ku Nsanje ndi lomwelo la ku Chitipa, ndipo onse awiri anakula akudziwa zimenezo.

Masukulu a ku Leicester amatsekera msanga m'Julayi, ana a m'mizinda ina akadali m'kalasi. Ndinkakhala pawindo kuwerenga mabasi, ndikudikira nyanja, poti amayi anali atalonjeza kuti bambo akabwera tidzapita tonse kugombe. Tsiku lina kunabwera malume ochokera ku Corby, galimoto yawo ikununkha makatoni ndi tchipisi cha viniga. Anaima kukhitchini ndi kapu ya tiyi, akuyang'ana kalendala.

"Achemwali, alamu akubwera Lolemba liti?"

"La holide."

"Holide ya ndani? Yathu kapena yawo?"

Malume ankagwira ntchito mosungira katundu pamodzi ndi anthu amene makolo awo anachokera ku Scotland, motero ankadziwa. Analoza ndi chala timalemba ting'onoting'ono pansi pa Lolemba loyamba la Ogasiti. Kumeneko holide yawo imagwa kumayambiriro kwa mwezi, yathu kumapeto. Timalembato tinali pomwepo chaka chonse, moyang'anizana ndi sinki.

Amayi analowa ndi foni ku bafa n'kutsegula mpope kuti ndisamve. Atatuluka anandiuza kuti akusukulu sangalole bambo kusintha. Zoona zake ndinazimva patapita zaka. Sabata yoyamba ya Ogasiti inali yomaliza yopumira mankhwala, ndipo holide ija inakankhira tsiku la kuchipatala ku Lachiwiri. Pofika kumapeto kwa mwezi, bambo sakanatha ulendo. Pa kalendala yathu, masiku atatu oyambirirawo anali odulidwa ndi kamzere onse.

Amanijala anati ndandanda ya mashifiti inatuluka kale, wofuna kusintha apeze yekha womugwirira. Kuntchito ngati kumeneko anthu amasinthana masiku monga amayi amasinthanirana mchere ndi tomato pa mpanda, ndipo aliyense amadziwa tsiku limene mnzake amalilakalaka. Loweruka silinavute: mayi wina wachimwenye analitenga, amayi n'kulonjeza kudzamugwirira pa chikondwerero chawo cha Diwali. Lamlungu analitenga mtsikana wachisilamu, posinthana ndi Idi. Ndikukumbukira amayi atakhala pamasitepe, mapazi ali m'beseni la madzi otentha, akuimba foni ina pambuyo pa inzake, mawu awo osakwera komanso osagwa. Akakanidwa ankathokoza, n'kuimba kwina.

Lolemba ndilo linakanika. Wopuma tsikulo anali mmodzi yekha, mayi wa ku Zambia wa ana atatu, ndipo aliyense ankadziwa chimene iye ankasowa: kupuma pa Khirisimasi. Chifikire ku England amayi anali asanapumepo pa Khirisimasi. Chaka chimenecho inali nthawi yawo, ndipo tsikulo analizunguliza kawiri. Anamuitana mayi uja kunyumba, anamuphikira tiyi, kenako anatsegula tsamba la Disembala.

Mayi uja anaseka mwamanyazi. "Mwandi, Khisimisi na Mande chabe? Muzanitukwana mu Disemba."

"Sindidzakutukwanani. Mawa tikasayine kwa amanijala."

Ndinamva zonse ndili pamasitepe. Mlendo atachoka ndinalankhula mawu ambiri m'Chingerezi, chifukwa m'Chichewa sindikanayerekeza. Amayi anandilola kumaliza. Kenako anatenga bolopeni ija, anadula Khirisimasi ndi kamzere, n'kuzunguliza Lolemba. Anangoti Khirisimasi imabwera chaka chilichonse.

Bambo anafika Loweruka masana. Anavala jekete yachisanu dzuwa likuswa mtengo, ndipo atandikumbatira ndinamva fupa la phewa lawo pa tsaya langa. Ankanunkha sopo wa kochapira kuja ndi fungo lina lowawasa limene sindinalidziwe. Kugombe sitinapite. Lamlungu titachoka kutchalitchi amayi anatenga lamba wa bambo, anamuika pa bolodi yodulirapo anyezi, n'kuboola bowo latsopano ndi msomali. Anawawenga bambo zikhadabo pakhomo lakuseri. Anaphika nkhuku, bambo anadya kachidutswa n'kuyamikira kwa nthawi yaitali kuposa imene anatafuna.

Lolemba lija kuno silinali holide ya munthu aliyense. Galimoto ya zinyalala inadutsa, masitolo anatsegula, anthu ankathamangira mabasi atanyamula zikwama. Ife atatu tinayenda pang'onopang'ono kupita kupaki ya pafupi, tikuima pa kona iliyonse ngati tikuwerenga zikwangwani. Kupakiko kunali mbalame ndi munthu wotchetcha udzu basi. Amayi ndi bambo anakhala pa benchi. Amayi anavula wotchi yawo ya kuntchito n'kuiponya m'chikwama. Sitima ya bambo inali ya masana omwewo, ndipo malume anabwera kudzawatenga nthawi isanakwane 3 koloko.

Bambo anamwalira mu Novembala. Pa Khirisimasi amayi anapita kuntchito monga anasayinira, ngakhale mayi wa ku Zambia uja anawachonderera kuti awabwezere tsikulo. Ine ndinakadyera kwa malume.

Ndinakula ndine katswiri wa kalendala, ndipo ndinkanyadira. Ku ofesi kwathu anzanga ankandifunsa momwe angalumikizire masiku anayi a tchuthi ndi Pasaka kuti apume khumi. Ndinkadziwa holide za ku Scotland ndi za ku Northern Ireland pamtima, kuti zimene zinachitikira makolo anga zisadzandichitikire. Ndinaphunzira phunziro lolakwika. Mu Febuluwale chaka chino mkazi wanga anandipempha kuti ndijombe Lachitatu lina, tingokhala pakhomo. Sankadwala, kapena sitinkadziwa. Ndinamuonetsa pafoni kuti tikadikira Pasaka tipindula kwambiri. Sanatsutse. Pasaka sanafikeko.

Sindilemba zambiri za zimenezo. Dzulo ndapempha Lachitatu la sabata yamawa. Silikhudzana ndi holide iliyonse, kuno kapena kwina. Abwana anafunsa ngati pali chochitika, ndinati palibe. Ndidzawatenga amayi kupaki kuja, ndipo ndikapempha linanso mwezi wamawa.

Koma pa benchi paja ndinali mwana, ndipo ndinali wokwiya. Ndinakwera katungwe mpaka manja ananunkha chitsulo, ndinatsika, ndinawapeza ali chikhalire, dzanja la amayi lili m'thumba la jekete ya bambo. Ndinafunsa ngati tikupita kwina. Anati ayi, tafika. Ndinakhala pa udzu wonyowa n'kuyamba kuwerengera pa zala: mbali iyi Khirisimasi yathunthu, mphatso, mpunga, nyimbo, amayi ali pakhomo tsiku lonse; mbali inayo theka la Lolemba wamba pa benchi yozizira. Ndinkakhoza masamu kusukulu. Ndinabwereza kawiri, ndipo kawiri konse ndinapeza kuti amayi anga anapusitsidwa.