Sitika Inatsogola mu Thiranki

Tinanyamuka ku Ntaja sikisi koloko m'mawa, ine pachiwongolero, ana awiri pambali, matumba a mpunga ndi nkhuku kumbuyo. Amuna anga ndi msilikali, ndipo anali atawasamutsira kukampu ina kupitirira Balaka. Iwo anatsogola pa lole ya kuntchito ndi katundu wolemera. Kapikapu kathu kokalamba ankafuna kukapezera dalaivala waganyu, koma ine ndinakana kwamtuwagalu. Laisensi ndinavutikiranji? "Ukakalakwitsa, makiyi ubweze," anatero.

Pa Nsanama ndinagula zitumbuwa za faivi handiredi. Mayi wogulitsa anasuzumira m'galimoto.

"Adalaivala apita kuti?"

"Ndine ndemwe."

"Iii, Mashallah!" Anandiwonjezera chimodzi cha basela.

Cha m'ma naini tinafika pa rodibuloko ya ku Liwonde. Wapolisi wamkazi anakweza dzanja. Laisensi ndinapereka monyada, koma iye maso anali pagalasi.

"Mayi, inshulansi iyi inatha. Sitika yatsopano ndi bulubuku zili kuti?"

Mkazi wa msilikali aliyense amadziwa mwambo wake: pepala lofunika limalowa mu thiranki yachitsulo, ndipo thiranki ndiyo imayamba kukwera lole. Tasamuka kanayi osataya pepala ngakhale limodzi. Dzulo lake manja anga anangochita zomwe anazolowera.

"Popanda zimenezo galimoto igona pano. Kodi mumakhala kuti?"

Ndinayamba kutchula Ntaja, ndinasintha n'kutchula kampu yakale, kenako yatsopano yomwe sindinaiwonepo. Wapolisiyo anaphulika kuseka.

"Basi ndadziwa. Zili mu thiranki eti? Bambo anga analinso msilikali. Lole yanu yadutsa posachedwapa, ndipo anthu amenewo sapitirira pamphambano ya ku Mangochi asanadye kanyenya. Ana asiyeni pamthunzi apa, thamangani."

Wakabaza wanjinga yamoto anati thu sauzande, ine sindinanenerere n'komwe. Njira yonse ndinkangopemphera kuti nyama ichedwe kupsa.

Lole ndinaipeza itaima pambali pa msewu. Amuna anga anali pachiwaya, nthuli ili m'kamwa. Atamva nkhani yanga anayang'ana anzawo, kenako anakwera mwakachetechete n'kuyamba kutsitsa matiresi. Thiranki inali pansi penipeni. Za makiyi a galimoto sanatchule, pakuti amene anaikhoma loko osayang'anamo anali iwowo.

Nditabwerera ku rodibuloko ndi mapepala, sitika ndinaimata ndekha pamaso pa wapolisi uja, ndipo ndinamuthokoza ndi moni wa manja awiri. Balaka tinadutsa dzuwa lili paliwombo, nkhuku zili wefuwefu.

Pageti la kampu yatsopano msilikali wolondera anaweramira pawindo, buku lili m'manja.

"Dalaivala ndani?"

"Lembani dzina langa," ndinatero.

Kumene tidzakhale chaka chamawa sindikudziwa, mabwana ndiwo amadziwa. Koma tikadzasamukanso, thiranki idzatsogole ndi masatifiketi ake. Bulubuku lidzatsala ndi ine, pamodzi ndi makiyi.